Banja la wokhulupirira ndi wokayikira: mkangano weniweni uli pati?

M'chaka cha 1838, Charles Darwin, wasayansi wa ku England amene anadzatchuka ndi mfundo ya chisinthiko (yakuti zamoyo zinachokera ku zamoyo zina posintha pang'onopang'ono), asanatomere mkazi, bambo ake anamulangiza kuti zokayikira zake pa nkhani za Mulungu asadzamuuze mkazi amene adzakwatire. Mkuluyo, Robert Darwin, anali dokotala ndipo anali atalowa m'nyumba zambiri. Ankati m'mabanja otere zinthu zimayenda bwinobwino mpaka tsiku limene wina wagwa m'matenda. Pamenepo mkazi amayamba kusowa tulo poganiza kuti mwamuna wake sadzapulumuka, mwamunanso n'kumazunzika poona mkazi akuzunzika.

Charles sanamvere. Anamuululira zonse Emma Wedgwood, msuweni wake, mkazi wopemphera kwambiri, ndipo anakwatirana pa 29 Januwale 1839. Anakhala m'banja zaka 43, anabereka ana 10, ndipo pamene Charles ankatsikira kuli chete mu 1882, awiriwa anali asanamvanebe pa za chikhulupiriro.

Anthu akamva nkhani yotere amathamangira kufunsa kuti anagonja ndani. Palibe anagonja, ndipo funsolo ndi limene limasokeretsa mabanja ambiri, chifukwa limachititsa aliyense kudikira tsiku limene mnzake adzatembenuke. Chimene timachitcha mkangano wa sayansi ndi chipembedzo ndi mtolo wa mikangano ingapo yomangidwa ndi luzi limodzi. Muli funso la zimene zinachitika kalelo, muli funso la mmene munthu amadziwira kuti chinthu n'choona, muli funso la chochita mwana akatentha thupi pakati pa usiku, ndipo pansi penipeni muli lina limene silitchulidwa kawirikawiri: kodi inuyo mumandiona bwanji? Ukamasula mtolowo umapeza kuti nkhuni zina n'zopepuka, zokhoza kukhala m'nyumba zaka makumi osapweteka munthu, pamene zina n'zolemera moti banja likhoza kuthyoka nazo msana.

Zopepukazo ndi zimene zimachita phokoso kwambiri. Maganizo akuti sayansi ndi chipembedzo zakhala pa nkhondo chiyambire si akale monga amamvekera. Anafala ndi mabuku a John William Draper mu 1874 ndi Andrew Dickson White mu 1896, ndipo akatswiri ambiri a mbiri ya sayansi masiku ano amati chithunzicho n'chokokomeza. Mlandu wa Galileo wa mu 1633, amene mpingo unamuweruza chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, unachitikadi, ndipo mpingo wa Katolika unadzavomereza kulakwa kwake mu 1992. Koma mbiri yomweyo ilinso ndi Ibn al-Haytham, Msilamu amene zaka pafupifupi 1000 zapitazo anafufuza za kuwala ndi maso poyesa zinthu mobwerezabwereza. Ilinso ndi Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, amene anabzala nsawawa zaka zambiri n'kutulukira mmene makolo amapatsirana chibadwa ndi ana awo. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1866. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'thupi) yonse ya munthu imene inatha mu 2003, ndi Mkhristu wosabisa. Pa kafukufuku wa bungwe la Pew mu 2009, asayansi 51 pa 100 alionse amene anafunsidwa ku America anati amakhulupirira Mulungu kapena mphamvu ina yoposa munthu. Chiwerengerocho n'chotsika poyerekeza ndi anthu wamba a dzikolo, komabe chikuonetsa kuti m'malabotale muli anthu a mbali zonse.

Amene ndimafuna banja lililonse lotere litamudziwa ndi Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium. Mu 1927 anaonetsa ndi masamu kuti thambo likufutukuka, ndipo mu 1931 ananena kuti zonse zinayambira pa kanthu kamodzi kothinana kwambiri, mfundo imene lero imatchedwa Big Bang. Mu 1951 Papa Pius XII analankhula ngati kuti zimenezi zikuchitira umboni za kulengedwa kwa dziko. Lemaître sanakondwe nazo. Ankaona kuti chikhulupiriro chikatsamira pa masamu a lero, chidzagwa nawo limodzi tsiku limene masamuwo adzakonzedwe. Wansembe ameneyu amachititsa manyazi onse awiri: mwamuna amene amati munthu wopemphera sangaganize mozama, ndi mkazi amene amathamanga ndi nkhani iliyonse ya pa intaneti yonena kuti asayansi tsopano atsimikiza za m'Baibulo.

Tisanamizane, pali pena pamene ziwirizi zimagundanadi. Bishopu James Ussher anawerengetsera mibadwo ya m'Baibulo mu 1650 n'kupeza kuti dziko linalengedwa mu 4004 Yesu asanabadwe. Asayansi, poyeza mmene uranium ndi zinthu zina za m'miyala zimasinthira pang'onopang'ono, amapeza kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5, thambo lonse zaka pafupifupi mabiliyoni 13.8. Zonse ziwiri sizingakhale zoona, ndipo umboni uli mbali ya miyala. Koma kulemera kwa nkhaniyi m'nyumba kumadalira mmene wokhulupirirayo amawerengera buku lake loyera. Mpingo wa Katolika unalola mu 1950 kuti nkhani ya chisinthiko cha thupi la munthu ifufuzidwe, ndipo mu 1996 Papa John Paul II anati chisinthiko sichilinso chongoganizira chabe. Mipingo ina imaphunzitsa masiku asanu ndi limodzi enieni a maola 24. Bishopu Augustine wa ku Hippo, zaka zoposa 1400 Darwin asanatulutse buku lake la chisinthiko mu 1859, anali atachenjeza kale Akhristu kuti asamalankhule zosadziwa pa za nyenyezi ndi nyama ati poteteza Malemba, chifukwa wakunja wodziwa zinthuzo adzawaseka n'kukana ndi uthenga womwe.

N'chifukwa chake funso loyamba m'banja liyenera kukhala lofatsa: "Mayi, mukamati mumakhulupirira Genesis, kwenikweni mukutanthauza chiyani?" Kapena: "Bambo, mukamati mumatsata sayansi, mukunena kuti Mulungu kulibe, kapena kuti simukudziwa?" Mabanja ambiri amakangana ndi munthu amene kunyumbako kulibe. Mwamuna akutsutsa mlaliki wa pa wailesi, mkazi akuyankha wonyoza wina wa pa YouTube, ndipo palibe amene wafunsa mnzake wapamphasa zimene ali nazo mumtima. Darwin mwiniyo, amene ambiri amamuyesa kapitawo wa okana Mulungu, analemba m'kalata mu 1879 kuti n'kupusa kukayikira zoti munthu angakhulupirire Mulungu ndi mtima wonse n'kuvomerezanso chisinthiko. Iye ankadziona ngati munthu amene sakudziwa ngati Mulungu aliko, ndipo anati sanafikepo pokana kuti aliko.

Apa mbali zonse zimalumpha malire. Sayansi ndi njira yofufuzira: kuona, kuyeza, kubwereza, kulola ena akutsutse. Njirayi imagwira ntchito pa zinthu zoyezeka, ndipo ilibe chipangizo choyezera ngati kuli Mlengi kapena ngati moyo uli ndi cholinga. Munthu akati sayansi yatsimikiza kuti Mulungu kulibe, akunena maganizo ake, ndipo ali ndi ufulu wotero, koma asawaveke chovala cha mu labotale. Nayenso amene amati chisinthiko ndi nthano ya azungu ndiye kuti sanaone mulu wa umboni wa mafupa akale ndi DNA, kapena mmene tizilombo toyambitsa matenda timasinthira mpaka mankhwala kusiya kutipha, chinthu chimene madokotala akulimbana nacho lero lomwe.

Katswiri wina wa zamoyo zakale, Stephen Jay Gould, anapereka njira mu 1997: sayansi iyankhe kuti zinthu zimachitika bwanji, chipembedzo chiyankhe za tanthauzo ndi khalidwe, aliyense alime munda wake. Mabanja ambiri amatsata njira imeneyi asanamvepo dzina la Gould, ndipo pa nkhani ya zaka za dziko imathandizadi. Munthu angadye mbale imodzi kwa zaka 50 ndi mnzake amene amasiyana naye pa za Adamu. Vuto lake n'lakuti minda iwiriyi ili ndi malo ena amene malire saoneka, ndipo banja limakhala pamalo omwewo.

Emma anawaona msanga malowo. Atangokwatirana analembera mwamuna wake kalata, ngakhale ankagona m'nyumba imodzi, poti zina zimavuta kutuluka pakamwa. Sanatsutse za miyala kapena mbalame zimene Charles ankafufuza. Nkhawa yake inali yakuti chizolowezi chosakhulupirira kanthu mpaka katatsimikizidwa, chimene n'chabwino pa ntchito ya sayansi, chingalowerere pa zinthu zina zimene sizingatsimikizidwe m'njira yomweyo. Anaonjezeranso kuti angakhale wosweka mtima ataganiza kuti awiriwo si a wina ndi mnzake mpaka muyaya. Pagona nkhani ndi pamenepa. Wokhulupirira akamaumirira kuti tipite ku tchalitchi kapena ku mzikiti, wokayikira amamva ngati akulamulidwa, pamene nthawi zambiri mnzakeyo akulankhula ndi mantha a munthu amene akuona wokondedwa wake akuyenda m'mphepete mwa phompho. Wokayikira akamafunsa umboni, wokhulupirira amamva kuti akutchedwa mbuli, pamene mnzakeyo mwina akungokana kunena ndi pakamwa zimene mtima wake sukuvomereza. Kunamizira kupemphera kuti m'nyumba mukhale bata, kwa iye, ndi kunamiza mkazi wake tsiku ndi tsiku.

John Gottman, amene wafufuza mabanja kwa zaka zambiri ku America, amati pafupifupi mikangano 69 pa 100 iliyonse ya m'banja siitha, imangobwerabwera mpaka ukalamba. Iye anapeza kuti chizindikiro choopsa kwambiri chakuti banja likupita kokatha ndi kunyozana: kutsonya, kuseka monyodola, kulankhula ngati ukulankhula ndi mwana. Pa nkhani yathuyi chitonzo chimabwera mosavuta, chifukwa mbali iliyonse ili ndi mawu ake okonzeratu. Uku akuti "zamabodza za abusa anuzo", uku akuti "nzeru za dziko zakuchititsani khungu". Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Chikhulupiriro chimene munthu anakula nacho chinalukana ndi mawu a mayi ake, nyimbo za pa maliro a bambo ake, ndi anthu amene anamugwira dzanja pa nthawi yovuta, moti mwala woponyera mfundo umagwera pa zonsezo. N'chimodzimodzi ndi amene anatha zaka akuphunzira kuganiza mosamala: kumuuza kuti mafunso ake ndi a Satana n'kumuuza kuti chinthu chabwino koposa mwa iye n'chonyansa.

Nkhuni zolemera zimayambira pamene maganizo awiri akuyenera kutulutsa chochita chimodzi. Mwana ndi mmodzi. Sangabayidwe katemera theka, sangaikidwe magazi theka.

Pa matenda, ine ndili ndi mbali ndipo sindibisa. Pemphero liyende limodzi ndi mankhwala, lisalowe m'malo mwa mankhwala. Mu 2006 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi Herbert Benson, wokhudza odwala 1802 amene anachitidwa opaleshoni ya mtima m'zipatala 6 za ku America. Ena anapemphereredwa ndi magulu a anthu osawadziwa, ena ayi, ndipo pa kachiridwe kawo sipanaoneke phindu la mapempherowo. Wokayikira angakonde kuitenga nkhaniyi ngati chibonga. Wokhulupirira angayankhe kuti Mulungu si makina oti ukadina batani atulutse machiritso, ndipo akatswiri ambiri a zaumulungu anganene zomwezo. Koma yankho limeneli lili ndi mchira wake: ngati pemphero si makina, ndiye kuti palibe amene angalonjeze kuti wodwala shuga asiye insulin, kapena amene ali pa ma ARV ataye mapiritsi poti wapemphereredwa. Chosangalatsa n'chakuti wokayikira safunika kugwetsa chikhulupiriro cha mnzake kuti apambane pa mfundo imeneyi, chifukwa zipembedzo zomwezo zili ndi mawu ake. Paulo anamutcha Luka dokotala wokondedwa. Mu Chisilamu muli hadisi (nkhani ya mawu a Mtumiki Muhammad) yodziwika ya munthu amene anauzidwa kuti amange kaye ngamira yake kenako adalire Allah. Mwamuna amene anganene kuti, "Mayi, pempherani tili m'njira yopita ku chipatala," wapeza zonse zimene amafuna popanda kuvula mkazi wake ulemu.

Zilipo zovuta kuposa apa. A Mboni za Yehova akhala akukana kuikidwa magazi kuyambira mu 1945, potengera mmene amamvera Machitidwe 15. Munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wokana chithandizo m'maiko ambiri, ndipo mnzake wa m'banja, ngakhale zimuwawe chotani, ayenera kudziwiratu chifuniro chimenecho nthawi ya mtendere, osati kuchimvera pakhomo la chipinda cha opaleshoni. Pa mwana nkhani imasintha. Khoti lalikulu la ku America linanena mu 1944 kuti makolo angasankhe kufera chikhulupiriro chawo, koma zimenezo siziwapatsa ufulu wosankhira ana awo imfa yotero, ndipo makhoti a maiko ambiri amalola madokotala kupulumutsa mwana makolo atakana. Banja losiyana maganizo pa nkhani imeneyi likambirane mimba isanaoneke.

Nthawi zina muvi umaloza kwina. Kuyambira pamene Louise Brown anabadwa ku England mu 1978, madokotala amatha kukumanitsa dzira la mayi ndi mbewu ya bambo kunja kwa thupi, njira yotchedwa IVF. Mpingo wa Katolika unaikana njirayi mu 1987, mwa zina chifukwa cha miluza imene imatsala n'kusungidwa mufiriji kapena kutayidwa. Tiyerekeze banja limene lakhala zaka popanda mphatso, mkazi akufuna kuyesa, mwamuna chikumbumtima chikumuletsa. Apa wotsata sayansi sanganene kuti umboni uli mbali yake. Sayansi ingafotokoze tsiku limene mtima wa mluza umayamba kugunda, koma palibe chipangizo chimene chingaonetse tsiku limene mluzawo umayamba kuwerengedwa ngati munthu. Funsolo ndi la chikumbumtima, ndipo pa mafunso otere onse awiri amaima pa nthaka yofanana. Kusiyanitsa mitundu iwiri imeneyi ya mafunso, ofuna umboni ndi ofuna chikumbumtima, ndi luso limene limapulumutsa nthawi yambiri yokangana. Kodi katemera wa chikuku amateteza? Limenelo lili ndi yankho, ndipo yankho lake ndi inde. Kodi tipitirize kusunga moyo wa kholo lathu ndi makina pamene madokotala ataya chiyembekezo? Dokotala angakuuzeni zimene zingachitike, koma chosankha chimatsala m'manja mwanu.

Za kaleredwe ka ana n'zimene zimayesa banja tsiku lililonse. Zipembedzo zimadziwa zimenezi, n'chifukwa chake zimaikapo malamulo. Kwa Akatolika, kuyambira mu 1970, wa mpingoyo ndi amene amalonjeza kuchita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu mpingo, winayo amangodziwitsidwa za lonjezolo. Kwa a Darwin ana anabatizidwa, ndipo Lamlungu Emma ankapita nawo ku tchalitchi pamene bambo awo, m'zaka za pambuyo pake, ankapita kokayenda. Komabe Charles anapitiriza kuthandiza pa ntchito zachifundo za parishi ya ku Downe, mudzi umene ankakhala, ndipo anali bwenzi la m'busa wa kumeneko. Ana saonongeka chifukwa chodziwa kuti amayi amakhulupirira izi, abambo izi. Chimene chimawapweteka n'kusandutsidwa bwalo la nkhondo, kholo lina kumanong'oneza mwana kuti za amayi akozo n'zachabe, kapena kuti abambo ako akapsa. Mwana wa zaka 7 akauzidwa kuti bambo ake akupita ku moto sagona. Mwana akabwera ndi funso la kusukulu lonena za mafupa a zinyama zakale, ayankhidwe zoona monga umboni ulili. Akafunsa kumene agogo apita, kholo lililonse linganene kuti "ine ndimakhulupirira kuti", ndipo mawu atatu amenewo amasiya malo oti winayo adzayankhenso popanda kutcha mnzake wabodza.

Zimawawa mwapadera ngati kusiyanaku kwabwera pakati pa ulendo. Awiri anakumana ku kwaya, analumbira pa guwa, ndiye patapita zaka 10 wina akuti sindikukhulupiriranso. Kapena onse anali osalabadira za mapemphero, mwadzidzidzi wina watembenuka mtima ndipo akufuna chakhumi chichoke pa ndalama za banja. Wotsalayo amamva kuti waberedwa, kuti munthu amene anakwatirana naye wasinthanitsidwa ndi mlendo, ndipo chisoni chimenecho n'chenicheni, chofunika nthawi ngati cha maliro. Okhulupirira ena amathamangira vesi la 2 Akorinto 6 loletsa kumangidwa m'goli limodzi ndi osakhulupirira. Koma ponena za banja limene lilipo kale, Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 7 anati wokhulupirira asamusiye mnzake wosakhulupirira ngati iye akulola kukhala naye, ndipo 1 Petro 3 imakamba za kukopa mwamuna ndi khalidwe popanda mawu. Timapepala ta uthenga tosiyidwa pa pilo, ngakhale mavidiyo onyoza chipembedzo otumizidwa pa WhatsApp m'mawa uliwonse, zonsezi zimauza mnzako chinthu chimodzi, kuti sindidzakhutira nawe mpaka usinthe.

Kukhulupirirana kwa a Darwin kunaonekera mu 1844. Charles atalemba koyamba mwatsatanetsatane mfundo yake ya chisinthiko, anaopa kuti angafe isanatuluke. Anasiyira Emma kalata yomupempha kuti zikatero apatule mapaundi 400 n'kupeza munthu woti aisindikize. Ntchito imene ankadziwa kuti idzagwedeza mipingo anaiika m'manja mwa munthu wopemphera kwambiri m'nyumbamo. Mu Epulo 1851 mwana wawo Annie anamwalira ali ndi zaka 10 ku Malvern, bambo ake ali pambali pa bedi, mayi ake ali kunyumba ndi pakati potopa. Tsiku limene Robert Darwin analosera lija linafika. Emma anatsamira pa chiyembekezo chakuti adzamuonanso mwanayo, Charles analibe chotsamira chotero, ndipo makalata amene ankalemberana masiku amenewo ndi a anthu awiri ogwirana mwamphamvu, wina osayesa kulanda mnzake chimene chikumuimika.

Sikuti zonse zinali myaa. Charles atamwalira n'kuikidwa ku Westminster Abbey, tchalitchi chotchuka cha ku London, anasiya mbiri ya moyo wake imene analembera ana ndi adzukulu. M'menemo munali ndime yoti sakumvetsa mmene munthu angafunire kuti Chikhristu chikhale choona, ngati chikutanthauza kuti bambo ake, mkulu wake ndi abwenzi ake ambiri adzalangidwa kosatha. Emma anapempha kuti ndimeyo isasindikizidwe. Ankaiona kuti ndi yaukali, ndiponso kuti chilango chosatha cha osakhulupirira sichinali Chikhristu chimene iye ankachidziwa. Banja linakangana, ndipo buku linatuluka mu 1887 ndimeyo ndi zina zitachotsedwa. Mdzukulu wawo, Nora Barlow, ndi amene anadzazibwezeretsa mu 1958.

Kalata ija Emma analemba atangokwatirana, Charles anaisunga moyo wake wonse. Pansi pake anali atalembapo ndi dzanja lake kuti: "Ndikadzafa, udzadziwe kuti nthawi zambiri ndaipsompsona kalatayi ndi kuilirira."